Timitengo ta Apozi wa Amayi

Fungo la dothi lonyowa losakaniza ndi utuchi limandibwezera ku Nkhorongo, m'nyengo yozizira ya chaka chimene amayi anamwalira. Mvula yamawawa inkayamba m'mamawa, zovala osauma pachingwe, ife ana tikupita kusukulu manja ali m'khwapa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa apozi umene amayi anabzala titangofika kuchokera ku Zomba. Unkabala tizipatso towawasa tokwana m'dzanja la mwana, koma eni ake ankaunyadira ngati munda wathunthu. Nyumbayo inali ya kuntchito kwa amayi, choncho tinauzidwa kuti tituluke pofika Seputembala. Mtengo sukwera lole. Bambo anaganiza zoutenga mwa njira ina.

Iwo anakulira pa chinangwa, ndipo kwa iwo mtengo uliwonse unali chinangwa: dula, zika, uphuka. Anadula timitengo makumi awiri totalika ngati pensulo, natizika mopendeketsa m'mapaketi a shuga odzaza dothi ndi utuchi. Anatindandalika pakhonde, ndipo ntchito yothirira inagwera ine.

A Gondwe, mnansi wathu amene anapuma ntchito ya zankhalango, anasuzumira pampanda. "Monire, aneba. Apozi si chinangwa yayi, amafuna kumezanitsa. Ndipatseni kanthambi kamodzi, tsinde lilipo kwa mlamu wanga ku Luwinga."

"Yewo chomene," anayankha bambo m'Chitumbuka chawo chobwereka. Koma kanthambiko sanapereke. Sankafuna kuti mtengo wa amayi ukhale pa mizu ya eni.

Patatha milungu itatu timitengo tinatulutsa masamba, anthete, aubweya kunsi. Bambo anaitana a Gondwe kuti adzaone. Mkuluyo anayang'ana, nakanda m'mutu, nayamba kukamba za kuzizira.

Ine ndinali mwana wosaugwira mtima. Masana ena bambo ali kuntchito ndinazula kamtengo kamodzi kuti ndione mizu. Panalibe ndi umodzi womwe. Kunsi kwake kunali kwakuda, koterera, konunkha ngati mbatata yoola. Ndinazula kena, kenanso, chimodzimodzi. Ndinatibwezera m'malo mwake, ndikutsendera dothi ndi chala. Sindinauze munthu. Ndinapitiriza kuthirira m'mawa ndi madzulo, mwinanso kuposa kale.

Tinasamukira ku Mzilawaingwe mapaketi ali m'beseni pamiyendo panga. Pofika Okutobala masamba onse anali atafota, timitengo tili gwa! Amene analowa m'nyumba yathu yakale anadula mtengo uja namangapo khola la nkhuku. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndinapha apozi wa amayi ndi manja angawa, chifukwa chozula.

Ndinadziwa nditakula kuti kamtengo ka apozi kamaphuka ndi chakudya chimene kanasunga kale, ngakhale kalibe mizu. Tsiku lina ndinaulula zonse kwa bambo, iwo imvi zili mbuu. Anaseka pang'ono.

"Inenso ndinkazula, mwanawe, iwe ukapita kusukulu. Ndinangosowa pokuuzira. Unkathirira ndi mtima wonse."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinalakwa pozula. Lero ndimaona kuti masiku amenewo mtengo unali udakalipo, a Gondwe ali kuseri kwa mpanda ndi mpeni wawo womezanitsira. Panangosowa mmodzi wa ife awiri, ine kapena bambo, woti ayankhule.