Galu wa pansi pa thandala

Ndisanayambe ntchito ya nyuzipepala ndinali mphunzitsi ku Kande, m'zaka zija za chipani chimodzi. Ine ndi mkazi wanga tinachokera ku Ntcheu, ndipo Chitonga tinkangodziwa cha moni. Galu tinam'peza pomwepo, wofiirira, wakhutu limodzi logwa, wopanda mwini. Asodzi ankam'menya ndi nkhafi chifukwa choba usipa, moti akaona munthu atanyamula mtengo uliwonse ankanjenjemera n'kubwerera m'mbuyo. Akasowa kothawira ankaluma.

Ngozi inali pamenepo. Anyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo ndodo zili m'manja, kutenga amayi kuti akaphunzire magule a msonkhano. Galu akanaluma mmodzi wa iwo, sikanakhala nkhani ya galu. Akanati mphunzitsi wobwera uja watuma galu wake kuti alume anthu a boma, ndipo anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo.

Mnansi wathu, mkulu wa mpingo, anandilangiza kuti ndim'mangirire pamtengo n'kum'kwapula mpaka asiye, apo ayi ndikam'mize m'nyanja. Mkazi wanga anakana. Anati galuyo si waukali koma wamantha, ndipo kum'menya n'kungowonjezera mantha omwewo. Chimene ankasowa ndi pobisala.

Kuseri kwa nyumba kunali thandala loyanikapo chinangwa cha kondowole. Mkazi wanga anatchinga m'mbali mwake ndi mphasa yakutha, pansi n'kuyala chiguduli. Tsiku lililonse ankaponya usipa mkatimo n'kunena kuti, "Kuthandala." Galu akalowa ankam'patsa wina. Akakana ankangomusiya. Atazolowera, ine ndinayamba kudutsa chapatali nditanyamula mpini wa khasu, iye akunena mawu omwewo. Masiku ena galu ankathawira m'munda wa chinangwa, ndiye mawa lake ndinkadutsa patali kuposa dzulo. Chingwe sanam'mange nacho, ndipo analetsa aliyense kusuzumira pansi pa thandalalo galu ali momwemo.

Anyamata a chipani aja anafika Loweruka lina dzuwa litakwera, atavala malaya ofiira. Galu anali gone pakhonde, khoma kumbuyo kwake, iwo kutsogolo. Ubweya wa pamsana pake unaima. Mtsogoleri wawo anatukula ndodo n'kum'loza nayo pafupi ndi mphuno. Ndinamva kulira kwapansipansi kuja kumene kunkabwera asanalume.

Mkazi wanga sanakweze mawu. Anasuntha pang'ono kuti pakhale podutsa, n'kunena monga masiku onse, "Kuthandala."

Galu anayang'ana ndodo, anayang'ana iye. Kenako anapinda mchira, n'kudutsa motsata khoma mimba ikukhudza pansi, mpaka kukalowa kuseri.

"Aphunzitsi, galu wanuyu ndi wamantha ngati mwini wake," anatero mtsogoleriyo.

Anzake anaseka. Inenso ndinaseka, ndikuti, "N'zoona, ada," kum'tchula bambo m'Chitonga ngakhale mnyamatayo anali wamng'ono kwa ine.

Mkazi wanga anamanga nsalu ya chipani n'kupita nawo. Ine ndinatapa usipa, ndinauika pakhomo pa thandala osasuzumira, n'kukhala pansi chapatali. Ndinadikira pomwepo. Galu anatuluka dzuwa litapendeka. Mkazi wanga anabwera pambuyo pake, fumbi mpaka m'maondo, ndipo asanakhale pansi anafunsa kaye ngati galu wadya.