Alawe Kaye

Amalume anayamba kutsamwa ndi nyama, kenako mpunga. Chakudya chinkaima pachifuwa, iwo n'kumadziguguda mpaka misozi. Kalelo anagwira ntchito m'migodi, koma zaka zimenezi ankakhala ku Ivory Park, ku Joni, ndi mayi wa Chizulu amene abale sitinamuvomereze. Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, n'kumawaona Lamlungu lokha.

Amalawi anzathu anagamula msanga kuti mayiyo wawadyetsa. Ku Joni amati isidliso, kanthu koikidwa m'chakudya kamene kamakakamira kummero n'kumakudya uli moyo. Ine ndinakhulupirira. Mayiyo ankaphika atatifulatira, komanso ankaseka pafupipafupi, ndipo ndisaname, ndinkadana naye.

Amalume anaika lamulo la kumudzi: "Alawe kaye." Kwathu wopereka thobwa amayamba wamwako yekha, amati kuchotsa ufiti. Mayiyo sanatsutse. Supuni yoyamba inkakhala yake, ine maso ali pakhosi pake kuti ndione ngati wamezadi kapena wabisa m'tsaya. Ankameza. Mumtima ndinkangoti wotchera msampha amadziwa poponda.

Amalume atawonda mpaka lamba kusowa bowo, tinawatengera kuchipatala. Anawamwetsa zoyera ngati laimu, kenako anationetsa pakanema. Dokotala anafotokoza kuti chakudya sichimangogwera m'mimba ayi. Lilime limachikankhira kumbuyo, ndiye minofu ya kummero imafinya pamwamba n'kumasula pansi, monga timafinyira matumbo a nkhuku powatsuka, mpaka chikafike m'mimba. Matumbo nawo amachiyendetsa chimodzimodzi. Tinaona zoyerazo zikutsika bwinobwino, kenako zinaima. Panali chotupa, ndipo chinali chitakula kale.

"Nanga anachiikapo ndani?" amalume anafunsa.

Dokotala anati palibe. Ine ndinayang'ana mayi uja kuti ndione ngati nkhope imuulule. Iye maso anali pakanemapo, dzanja lili pakamwa.

Lamlungu lotsatira mayiyo anaphika phala lamadzimadzi, n'kutunga supuni yoyamba monga mwa masiku onse. Asanaifikitse kukamwa, amalume anamugwira mkono.

"Yeka, mama," anamuletsa m'Chizulu. "Usalawenso. Ndipatse ine."

Anamwa. Ine ndi mayiyo maso anali pakhosi pawo, kudikira kuti litsike. Phalalo linabwerera.