Mfuti yomwe sindinagwirepo

Ndimalondera mashopu ku Coolock, kuno kunja kwa dziko lathu, zida zanga ndi tochi ndi wailesi basi. Kuno mlonda sanyamula mfuti, koma abale akamaganiza kuti ndimayenda nayo m'chiuno, ndinkangomwetulira.

Tsiku lina alamu anga a ku America anandiimbira pa video. "Inu odziwa, ndigule mfuti ya 9mm kapena ya .45 yodzitetezera?"

Ndinakhosomola ngati katswiri. "Yaikuluyo, alamu. Imagwetsa kamodzi."

Foni inaduka. Mkazi wanga anali atazula waya wa Wi-Fi.

"Bambo a Tadala, achimwene anga agula chinthu chophera munthu chifukwa cha mawu anu. Aimbireninso, muwauze za tochi."

Ndinawauza, thukuta lili kamukamu. Anaseka mpaka misozi, kenako anakafunsa kwa ophunzitsa enieni a za mfuti. Mpaka lero ndikayamba kudzitama, mayi a Tadala amangoyang'ana soketi, ine n'kuthokoza chamumtima.