Mzere wa Lumo pa Kagalasi

Asakunamizeni munthu kuti Mayi Utoto anapenga. Amene amanena zimenezo ndi aja amathera tsiku pakhomo la labu akutafuna mbiri za anzawo, ntchito osaidziwa kumene yaloza. Mutu wa mayi uja ndi wabwinobwino, kuposa mitu yawo yonse mutaiphatikiza. Kungoti panali chinthu chimene ankakaona m'chipinda chamdima nthawi ya nkhomaliro, ndipo chinthucho chinkatha pang'onopang'ono chifukwa cha kuonedwa komweko.

Tiyambire poyambira. Labu imeneyi imafufuza ubongo wa ana a mbewa zoyera, zija zoweta m'timabokosi ta utuchi. Amene amatsogolera ntchitoyi ndi Dokotala, mayi wamfupi wosakonda zolankhulalankhula. Funso lake ndi limodzi: m'maselo a ubongo umene ukukula, mapuloteni ogwira kashiyamu amakhala pati? Pajatu kashiyamu akachuluka m'selo amavuta ngati mlendo woledzera, ndiye pali mapuloteni amene ntchito yawo ndi kumugwira mkono. Kodi amakhala m'thupi la selo, m'nthambi zake, kapena amalowa mpaka m'phata lenilenilo, pakatikati? Nanga mbewa ikamakula, amasamuka?

Kuti uone zimenezi pamafunika anthu awiri, wodula ndi wopaka. Wodula anali mwamuna wake wa Mayi Utoto, amene aliyense ankangomuti Lumo. Ankaumitsa kaubongo kochepa ngati nyemba, n'kumakadula m'makina ozizira ngati firiji, tizidutswa topyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kutiyala pa timagalasi. Mkazi wake ankatipaka utoto wamankhwala umene umakakamira mapuloteni aja okha. Ukaika kagalasi pa maikulosikopu m'chipinda chamdima n'kuyatsa nyali yake, paliponse pamene pali mapuloteni pamawala mobiriwira ngati ziphaniphani.

Anakumana pantchito pomwepo onse ali achinyamata. Lumo ankaswera manja ali m'makina ozizira aja, ndiye ankabwera monyang'ama n'kumugwira mkazi wake pakhosi ndi zala zangati madzi oundana.

"Bambo inu! Tsiku lina ndidzakumwetsani utoto umenewu!"

"Ndimwetseni, mayi, mwina n'kuwala, anthu aone kuti munakwatiwa ndi munthu."

Ana awo anakula akudziwa kuti thupi likatentha uitane bambo, osati mayi, chifukwa dzanja la bambo pamphumi linkaposa nsalu yonyowa. Ndi banja limenelo. Amene akuti ankangokangana sadziwa kuti pali anthu ena amakondana mokweza mawu.

Tsiku lina Mayi Utoto anapaka kagalasi ka mbewa yongobadwa kumene, n'kukasuzumira. Maselo anawala bwino kwambiri, koma kumbuyo kwa ubongo kunadutsa mzere wakuda, wopindika pang'ono, ngati wina wakanda ndi chikhadabo. Lumo anali asanachitepo zimenezo. Mayi anatuluka moto uli lawilawi.

"Kodi mwayamba kulima ndi mpeniwo?"

"Wabuntha," anatero Lumo akuseka.

Mpeni unali watsopano. Ndipo akuseka choncho, dzanja lamanja anali atalibisa m'thumba la jasi lake loyera. Linali litayamba kunjenjemera. Mvula yotsatira isanagwe, anakamuika m'manda.

Mayi Utoto anakulunga kagalasi kaja m'pepala lonyezimira losalowa kuwala, n'kukabisa m'firiji kuseri kwa mabotolo akale. Anzake akapita kukadya, iye ankakatenga, kulowa m'chipinda chamdima, kutseka chitseko. Sankaona maselo ayi. Ankaona mzere. Zithunzi za nkhope ya Lumo zinalipo kunyumba, koma nkhope ankaionetsa aliyense. Apa panali dzanja lake, pa kamphindi kenikeni kamene linaterereka, iye ali yekha, asanauze munthu.

Koma nali vuto, ndipo mumve bwino. Utoto umenewu umadyedwa ndi kuwala. Ukayatsa nyali kuti uone, ukuuzimitsa. Ndipo mzere uja unalibe mtundu wakewake. Unkaoneka chifukwa maselo a mbali zonse ziwiri ankawala. Maselo akazima, mzere nawo wapita. Mayi Utoto ankadziwa zimenezi kuposa aliyense, si ndiye wopaka? Ankangoyatsa, kupuma mpweya kamodzi, n'kuzimitsa. Komabe mwezi ndi mwezi kubiriwira kuja kunkafwifwa ngati chitenje chochapachapa.

Amene ankadziwa anali mlamu wake, mng'ono wake wa Lumo, amene amaweta mbewa m'chipinda chapansi. Ankakumana naye pamasitepe atanyamula thumba la utuchi.

"Alamu, mukukaonana ndi achimwene? Muwauze abweze jekete langa lija."

"Chokani apa, mukununkha mikodzo ya mbewa."

"Ndi mafuta anga odzola amenewo." Kenako ankatsitsa mawu. "Akuzilala, eti?"

Mayi ankangomudutsa.

Ndiye zinachitika kuti utoto wakale unatha, ndipo botolo latsopano silinkagwira bwino. Pa mbewa zongobadwa kumene, phata la selo linkangooneka mbuu, osadziwika ngati mapuloteni alimo kapena ayi. Dokotala anayesa, anayesanso, mpaka anakumbukira kuti anaonapo kagalasi kamene kankaonetsa zonse poyera, koma anakaika pambali chifukwa cha mzere, poganiza kuti Lumo adulanso kena. Anamuitana Mayi Utoto mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Mayi, kagalasi kamzere kaja kalipo?"

Mayi anayang'ana pansi. Bodza linali pakamwa, lokonzeka.

"Kalipo."

"Malo amene ndikufuna kujambula ndi pamzere pomwepo. Poti kazilala, nyali iyenera kuyaka nthawi yaitali, mwamphamvu. Sipadzatsala kanthu." Dokotala anavula magalasi ake n'kuwapukuta. "Ndikudziwa chimene ndikupempha. Mukakana, sindidzafunsanso."

Zimenezo ndi zimene zinamupsetsa mtima. Akanamukalipira, bwenzi atakana mosavuta, atamukalipiranso kawiri. Koma munthu wokupempha mwaulemu umamutani? Anatsika masitepe akumenyetsa mapazi mpaka kwa mlamu wake, amene anali kutsuka mabotolo a madzi a mbewa.

"Akufuna ndimuike m'manda kachiwiri!"

Mlamu sanatembenuke.

"Nanga inu simukuwaika pang'onopang'ono masana alionse? Achimwene anadula chija kuti anthu aone zimene zili m'mutu mwa kambewa. Sanadulire mabotolo a m'firiji."

"Pakamwa ngati chitseko cha chimbudzi!"

Anamuponyera utuchi wodzaza dzanja, mbewa zonse n'kuthawira m'makona a mabokosi. Mlamu anangodzisasa kumutu. Mayi anaima pamenepo akupuma mwamphamvu, akuyang'ana mbewa ina imene inali kusonkhanitsa tiana take tofiira, tosaona, n'kutifungatira. Kenako anakwera, natsegula firiji.

Kwa Dokotala anafika ndi mawu amodzi.

"Mzere musaudule pachithunzi."

"Owerenga lipoti la kafukufukuyu adzati wodula wathu sankadziwa ntchito."

"Adzanenere pamaso panga."

Analowa awiri m'chipinda chamdima. Mayi Utoto anaika kagalasi yekha, napotokola chogwirira mpaka malo aja anafika; akanatha kuwapeza atatsinzina. Dokotala anayatsa nyali mwamphamvu yonse. Pakompyuta panatuluka maselo atandanda ngati timitengo tongobzala, nthambi zikadali zazifupi, thupi lobiriwira, ndipo pakatikati, m'phata, mukuwalanso, mofooka koma mosakayikitsa. Mzere unadutsa pakati pawo, wakuda bii, wooneka kuposa tsiku lina lililonse.

"Alimo," Dokotala ananong'ona. "Alimo m'phata, mayi."

Mayi Utoto sanamve. Diso lake linali pa maikulosikopu, osati pakompyuta. Anaona kubiriwira kukusanduka phulusa, m'mphepete mwa mzere mukusungunuka, mdima wa mzere ukusakanikirana ndi mdima winawo mpaka osadziwanso pamene dzanja linayambira kuterereka ndi pamene linalekera. Sanaphethire. Makina atamaliza kujambula, pagalasi panalibe kanthu.

Dokotala anachita monga mayi ananenera. Chithunzi chinatuluka mu lipoti ndi mzere wake, ndipo china anasindikiza chachikulu n'kumupatsa. Mayi anathokoza, nachipachika pamwamba pa sinki yotsukira timagalasi. Koma kwa mlamu wake ananena zoona: "Chimenechi sichizilala. Ungachiyang'ane tsiku lonse, sichikumva."

Mpaka lero, anzake akapita kukadya, amalowabe m'chipinda chamdima. Ndi pamenepa pamene amiseche aja amapezera chonena, ndipo tsiku lina adzalumidwa ndi lilime lawo lomwe. Satenga kagalasi, sayatsa nyali. Amangokhala pampando, manja pamiyendo. Pakapita kanthawi amamva kuzizira pakhosi, kumbuyo, pamene pamathera tsitsi. Anthu amati ndi makina oziziritsa chipinda. Makinawo ali pakhoma linalo, ndipo mphepo yake imaloza kuchitseko.

Iye satembenuka. Amangokweza mapewa pang'ono, n'kunena motsitsa, ngati wotopa ndi chibwana cha munthu wamkulu:

"Bambo inu."