Tiyi Wanu Kutsidya kwa Mlatho

Amuna anga anali dalaivala wa lole pa fakitale ya feteleza ku Kafue, ndipo chiyambire ntchitoyo analeka kutchula misewu maina ake. Msewu wopita kwathu ku Katete kwa iwo unali T4. Wodutsa m'tauni mwathu unali T2. Ankandiphunzitsa ndisanawapemphe kuti T ndi misewu ikuluikulu, M ndi yotsatirapo, D ndi ya m'maboma imene imathyola masipuling'i. Zinkanditopetsa zedi. Munthu umufunse kumene wagula chimanga, m'malo monena kuti ku Shimabala, akuyankha ndi nambala.

Chaka chimenecho ndinali ndi pakati pachiwiri. Mwana woyamba anabadwa osalira, ndili pakati pa anthu achilendo m'kanyumba kathu ka ku Nangongwe. Choncho ndinanenetsa kuti ulendo uno sindichira popanda amayi pambali panga. Amayiwo anali asanatulukepo m'boma la Katete, kuwerenga sankadziwa. Amuna anga anatuma uthenga kudzera mwa dalaivala mnzawo wopereka feteleza kum'mawa, wonena tsiku ndi njira yake.

Tsikulo litafika tinakadikira pa siteji. Basi yochokera ku Lusaka inaima, anthu anatsika, amayi palibe. Inabwera ina, chimodzimodzi. Apo n'kuti msana utayamba kundikoka, moti tinabwerera kunyumba ndikuyenda moima ima. Mantha anandigwira. Kutsidya kwa mlatho wa mtsinje wa Kafue msewu umapita kumalire ku Chirundu, ndipo masiku amenewo malire anali otseka, asilikali ali ponseponse. Nanga mayi wachikulire wosadziwa ngakhale dzina la komboni yathu akanafunsa ndani?

"Imwe, uthenga munatuma bwanji?" ndinawafunsa amuna anga nditagwira chitseko. "Kambani mwamene munakambira."

"Ninakamba bwinobwino. T4 mpaka Lusaka, bakwere basi ya kuno, baseluke pa Kafue. Bakaona T wanu ninshi bapitilira."

"Bakaona chani?"

"T wanu. Msewu wa ku Livingstone."

Ankatanthauza T1, wanuyo ali nambala ya Chingerezi. Ndinabwereza mawuwo chamumtima, ndipo ndinawamva ndi khutu la amayi. Tii wanu. Tiyi wanu! Uthenga woti wayenda m'kamwa mwa dalaivala wotopa n'kukafika kwa munthu wosadziwa kuti msewu ungakhale ndi nambala, chikanatsalapo n'chiyani kupatula tiyi? Ndinakwiya kwinaku ndikufuna kuseka, ululu osandilola zonse ziwiri.

"Tengani njinga," ndinatero. "Mukafune pamene bagulisa tiyi. Osabwela mweka!"

Zotsatirazi anandiuza pambuyo pake. Amayi anafika ndithu pa Kafue. Kondakitala atakuwa dzina la tauni, iwo anasuzumira pawindo, n'kukana kutsika. Anati mkamwini wawo ananena kuti atsike pamene aone tiyi wawo, ndipo pamenepo tiyi panalibe. Basi inawoloka nawo mlatho. Itaima pa mphambano pamene msewu wa ku Livingstone umapatuka, anaona mayi wina wachitonga pansi pa mtengo, ketulo ili pamoto, akugulitsa tiyi kwa madalaivala. Anatsika ndi mtolo wawo, nakhala pa benchi mwaulemu wake wonse.

"Ndafika, mwanawe," anamuuza. "Akuti tiyi wanga ali pano."

Mayiyo anaona kuti munthuyu wasokera. Anawathirira, nawaletsa kukwera galimoto ina iliyonse mpaka abale awo atabwera. Sindinamuonepo nkhope mayi ameneyo, koma ndimamuthokoza mpaka lero.

Amuna anga anawapeza pomwepo, thukuta lili kamukamu, chikwangwani cha T1 chili pamwamba pa mutu wa amayi. Tsono mwambo wathu sulola mkamwini kulankhula ndi apongozi maso ndi maso. Munthu wodziwa misewu yonse ya dziko anagwada chapatali m'fumbi, nayang'ana kumbali, n'kupempha wogulitsa tiyi uja kuti awanenere.

"Bauzeni ati mwana wao wayamba kudwala."

Amayi anasiya kapu ili pakati. Lole ya fakitale yobwerera m'tauni inawanyamula onse, njinga ili pamwamba pa matumba.

Ine nthawiyo ndinali pamphasa, mayi woyandikana nafe akundipukuta nkhope, nditayamba kale kuganiza za mwana woyamba uja. Ndinangomva mawu panja, Chichewa chenicheni cha kwathu, akufunsa madzi osamba m'manja. Mtima unakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo ndinalira ngati kamwana. Analowa, nagwada kumbuyo kwanga, nandigwira m'chiuno ndi manja awo okhakhala aja.

"Leka kulira, sunga mphamvu," anatero. "Wolira abwera."

Dzuwa lisanalowe anabweradi, mtsikana, ndipo analira mpaka nyumba yachitatu anamva.