Wina Atunge, Wina Ayang'ane

Maganizo opita ku Mangalande ndinawamanga ndili chilili padooko, maso ali pa madzi a Shire, mng'ono wanga Malita atawerama akutunga. Kwathu ku Chikwawa timatunga choncho: wina atunge, wina ayang'ane. Woyang'anayo sacheza, satembenuka, ngakhale pomuyabwa sakanda, chifukwa ng'ona siodira. Mjigo tili nawo, koma madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu ndipo nyemba sizipsa. Kuyambira tili atsikana, Malita ndiye ankatunga poti ndi wamphamvu m'manja, ine wamaso akuthwa ndinkayang'ana.

Titakwera kumtunda, ndowa zili pamutu, ndinamuuza kuti ntchito yosamalira okalamba ija yapezeka ku Leicester ndipo ndipita.

"Nanga madzi azindiyang'anira ndani, achemwali?" anandifunsa akuseka.

"Chisomo wakula, iwe. Umuphunzitse."

Chisomo ndi mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo. Nkhani inathera pomwepo, ine n'kuyamba kusaka majuzi m'kaunjika.

Za ku Leicester sindinama, ndalama inalipo koma inali ndi miyendo. Lendi, basi, magetsi, kutsala pang'ono potumiza kumudzi. Ndinayamba ndi kachipinda ku Beaumont Leys, kenako mashifiti atachuluka ndinasamukira m'dera la nyumba zatsopano, zofanana ngati anazitulutsa m'chikombole chimodzi. Pakati pa nyumbazo anakumbapo dziwe lalikulu lokongoletsera. Munali abakha, atsekwe aukali ngati apongozi, ndi mbalame zoyera zamakosi ataliatali zomwe amati maswani. M'bandakucha, pobwera ku ntchito, ndinkakumana ndi nkhandwe ikununkhiza m'mphepete.

Miyezi yoyamba dziwelo ndinkalilambalala. Tsiku lina ndinaona nkhalamba ina itakhala pa udzu, yafulatira madzi, galu wake akusambira. Ndinakuwa m'Chichewa chenicheni kuti, "Agogo, chokanipo pamenepo!" Nkhalambayo inangondimwetulira n'kundiuza kuti lero kwacha bwino. Ndinachita manyazi mpaka ndinalowa msewu wolakwika.

Pang'onopang'ono mantha aja anasungunuka. Ndinapeza benchi yanga, ndinkakhalapo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, chinthu chomwe kwathu ngakhale wamisala sachita, poti ng'ona imaloweza munthu. M'chilimwe ndinkavula nsapato n'kuviika mapazi. Koma ndinene poyera, pa benchi imeneyo ndinalirapo kambiri. Aliyense ankabwera yekha, ndi galu kapena ndi foni, n'kubwerera yekha. Madzi opanda choopsa safuna kuti ubwere ndi mnzako. Panali masabata oti munthu wondifunsa kuti ndadzuka bwanji anali wodwala wanga yekha, amenenso dzina langa ankaliiwala.

Lamulungu lililonse ndinkamuimbira Malita pa vidiyo ndili pomwepo, n'kumuonetsa abakha.

"Mwayandikiratu madzi, achemwali. Akukuyang'anirani ndani?"

"Kuno safuna zimenezo, iwe. Madzi ake ndi obatizidwa."

Chisomo atakhoza mayeso, ndinalimbikira kuti apite ku sekondale yogonera komweko ku Blantyre, fizi ndilipira ndine. Ndinadzimva kuti ndine munthu. Kutchalitchi ndinauza aliyense, ngakhale osafunsa. Koma loti tsopano padooko Malita akutsika ndi ndani, funso limenelo silinandidutse n'komwe m'mutu.

Chaka chotsatira, m'nyengo yotentha, pagulu lathu la pafoni la anthu a m'deralo panagwa chithunzi. Chinthu chakuda, chamabampu kumsana, chikuyandama pakati pa dziwe. Wina analemba kuti ndi aligeta, msuweni wa ng'ona wa ku Amereka uja. Kunali chipwirikiti. Ana anatsekeredwa m'nyumba, agalu anamangidwa zingwe, dziwe analizunguliza tepi yofiira. Amayi ena oyandikana nane, amene chisamukireni anali asanandipatsepo moni, anagogoda pakhomo panga kudzafunsa ngati ine, poti ndine wa ku Afrika, ndingathe kuizindikira. Anthu ankaima m'magulumagulu kulozerana madzi, ndipo mayina a anansi anga ndinawadziwa sabata imeneyo. Mapeto ake anabwera amuna a ukonde n'kuvuula nkhasi, kamba wam'madzi uja, yomwe wina anatopa kuweta n'kudzaitaya. Tepi itachoka aliyense anabwerera kwa galu wake.

Ine nthiti zinandiwawa ndi phwete. Ndinamuimbira Malita osadikira Lamulungu. Vidiyo anakana, anati netiweki ikuvuta. Ndinamusimbira zonse, kuwonjezera ndi mchere womwe. Ndinayesezera kukuwa kwa azungu, ndinati anthu awa atangoona ng'ona ya m'Shire ikukoka mbuzi akhoza kusamuka dziko lonse.

Iye sanaseke. Kenako anati, "Ndiye anapeza kuti ndi kamba?"

"Kamba weniweni, iwe!"

"Ali ndi mwayi," anatero. "Achemwali, ndatopa, tidzalankhulana."

Ndinakhumudwa. Ndinati mumtima, munthu ndikumudyetsa, ndikumuphunzitsira mwana, n'kulephera kundisekera nthabwala imodzi. Sabata ziwiri sindinaimbe dala. Titayambiranso mavidiyo, nkhope yake yokha ndiyo inkadzaza foni, ine n'kumamunyoza kuti sadziwa kuigwira.

Panadutsanso zaka ziwiri kuti mapepala anga akhale bwino ndipeze tchuthi chopita kumudzi. Nditatsika pa kabaza, Malita anatuluka m'nyumba atafunda chitenje paphewa, dzuwa la ku Chikwawa likuswa mtengo. Anandikumbatira ndi dzanja limodzi. Ndinadikira linalo kumsana kwanga, silinafike. Chitenje chitatsetsereka ndinaona kuti mkono wamanzere ukuthera pamwamba pa chigongono.

Ndinangokhala pansi pa dothi, masutikesi ali pomwepo.

Anandifotokozera yekha. Chisomo atapita ku sukulu, ankatsika ndi amayi ena oyandikana nawo. Tsikulo amayiwo anali ku maliro, mwamuna wake ali ku dimba, m'nyumba mulibe ndi dontho lomwe. Anati angotunga ndowa imodzi mwachangu. Ng'ona itamugwira mkono, anamupulumutsa ndi asodzi omwe ankakocheza bwato, pomenya ng'onayo ndi nkhafi.

"Zinachitika liti?" ndinafunsa.

"Masiku a kamba wanu aja. Foni ija anandigwirira ndi namwino."

Ndinalira mokuwa mpaka anthu anasonkhana poganiza kuti ndabwera ndi uthenga wa maliro. Ndinamukalipira, ndinakalipira alamu anga, ndinati mudzi wonse ndi wa afiti pondibisira chinthu chotere. Malita anandisiya ndimalize.

"Mukanatani, achemwali? Mukanasiya ntchito n'kubwera, Chisomo n'kusiya sukulu. Mkono sukanamera."

Mawa lake ndinadzuka ndisanaitanidwe, n'kutenga ndowa ziwiri. Tinatsika limodzi ngati kale, iye patsogolo. Titafika padooko ndinaima pamalo panga pakale, pa muzu wa mkuyu, ndinati lero ayang'ana ndine, iye angoviika chikho pang'onopang'ono, kusenza ndimusenza. Ndinaponya maso pa madzi. Ndinaona namasupuni akuyandama, ndinaona chipika, ndinaona mbalame. Ndinati kuli bwino, tsika.

Malita sanasunthe. Anatola mwala n'kugenda chipika chija. Chinamira mwakachetechete, madzi n'kutsekeka pamwamba pake.

Tinasunthira kumtunda kwa mtsinje, pamalo osaya. Kumeneko anandipatsa chikho, iye n'kukwera pa chulu chomwe chinali m'mbali. Tikiti yanga yobwerera inali ya Loweruka, ndipo tonse tinkadziwa kuti ndikwera.

"Tungani inuyo, achemwali," anatero, maso ali pa madzi. "Maso anuwo anazolowera abakha. Ndiyang'ana ndine."