Mafunso a Sista Winifred kwa Apongozi Awo

A Winifred Zulu anabadwira ku Katete, koma unamwino wawo wonse anaugwirira pa kiliniki ina ya ku Chelstone, zaka zija za chipani chimodzi pamene sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, zinkagulidwa pamzere. Anali mayi wofatsa, wosakweza mawu. Akamanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono wa wodwala, ankafunsa timafunso tating'ono ta mowa: mumamwa liti, munaganizapo zochepetsa? Sankadzudzula. Ankangotchula chinthu chimodzi choti munthuyo ayese, kenako n'kumasula lamba.

Tsiku lina pabenchi panakhala a Norbert, apongozi awo aamuna, mutu ukuwawa. Adokotala anali atawachenjeza kale kuti mowa udzawagwetsa ndi sitiroko. Koma kwawo mkazi wa mwana sayang'ana apongozi kumaso, nanji kuwafunsa za kutavani. Ndipo a Norbert akafunsidwa mwaulemu ankayankha mwaulemu: "Pang'ono chabe."

A Winifred anapita kuseri kwa katani n'kupempha a Musonda, namwino mnzawo, Mbemba, kuti awapime a Norbert, amene anali Mngoni. Pakati pa Abemba ndi Angoni pali chimbuya, ndiko kuti amanyozana momasuka popanda wokwiya.

"Shani ba Ngoni?" anawalonjera a Musonda akumanga lamba pamkono wa a Norbert. "Mbeba zasila, zathelatu ku Chipata, mwabwela kufela kuno?"

"Iwe wakudya anyani, pima chabe," anayankha a Norbert.

"Nkhalamba monga imwe, kapu imodzi mwagona pansi pa tebulo."

"Ine? Tavani ikasegula kuseni, dzuwa likungotuluka, woyamba kungena ndine. Funsa aliyense."

A Winifred, amene kunyumba ankatchedwa amake Helen, anamva zonse. Anagwada kuseri kwa katani komweko, monga amachitira kunyumba, n'kulankhula motsitsa.

"Ba Musonda, afunseni atate ngati angayese kusiya mowa wakuseni wokha. Wina tizakamba tsiku lina."

A Winifred anaopa kuti nkhani ifika kwa amuna awo, mwinanso kumudzi, kuti mtengwa wachititsa manyazi akuluakulu pagulu.

A Norbert anatsitsa mkono wa malaya, n'kumanga batani pang'onopang'ono. Anayang'ana khoma, osati katani.

"Iwe Mbemba, auze amake Helen kuti namva. Wakuseni nizayesa. Wam'mazulo asaukambe."

"Nanga kupima?"

"Nizabwela sabata ya mailo, ikubwelayi. Koma anipime iwo. Manja yako yazizila monga ya kolwe, nyani wanu uja."